Lilime la a Bilimankhwe

Pa hotela yathu panali anthu atatu amene sankalakwa: Madamu eni ake a hotelayo, wophika wamkulu, ndi a Bilimankhwe, kapitawo wa ife ogwira ntchito panja. Awiri oyambawo sankalakwa chifukwa ukawauza kuti alakwa, mawa lake unkadzuka uli lova. A Bilimankhwe sankalakwa chifukwa anali ndi lilime.

Mwina mukuti lilime aliyense ali nalo. Pepani. Lanu ndi langa ndi malilime a tintchito tating'onoting'ono: kulawa mchere, kujeda anzathu, kufufuza nyama yotsalira m'mano. La a Bilimankhwe linali lilime lophunzira. Linkasankha mbewu ya udzu.

Kuti mumvetse kulemera kwa udindo umenewu, muyenera kuidziwa hotela yathu. Kumaso kuli bwalo lalikulu la kapinga, pamene anthu olemera amadzachitirapo maukwati ndi kujambulitsa atagona chammbali ngati odwala. M'mphepete mwa bwalolo muli mitengo ikuluikulu ya mthunzi. Kuseri kwa khitchini, ukadutsa mpanda wa waya, kuli ng'ombe khumi ndi ziwiri za mkaka ndi msipu wake, poti Madamu amakonda kuuza alendo kuti mkaka uli mu tiyi wawowo unali m'ng'ombe m'mawa womwewo. Malo atatu, udzu mitundu itatu. Pabwalo pamafunika kapinga wa masamba ang'onoang'ono, woyanga pansi, wokonda dzuwa, amene ukamutchetcha amasalala ngati bulangete la khanda. Pansi pa mitengo kapinga ameneyu amafa ndi chisoni, ndiye pamafunika udzu wina wopirira mthunzi. Kumsipu kumafunika udzu wa ng'ombe, chiudzu chamwano chomera magulumagulu, chimene mvula ikagwa kawiri chimakufika m'chiuno, ikagwa kachitatu chimakufunsa kuti ukufuna ndani.

A Bilimankhwe analowa ntchito tsitsi likadali lonse kumutu, ndipo tisawanamizire, udzu ankaudziwa. Masiku amenewo mbewu inkabwera ili maliseche. Ya kapinga inali ngati mchenga. Ya ng'ombe inali yaubweya, yopepuka moti ukayetsemula theka la thumba linkasamukira kwa aneba. Ya pamthunzi inali yokulirapo pang'ono. Ankangoponya diso n'kudziwa. Tsoka linafika chaka chimene ogulitsa mbewu anayamba kuiveka mbewuyo mankhwala. Kambewu kalikonse kanasanduka kampira kakang'ono kolimba, kopakidwa utoto. Mitundu yonse itatu msinkhu umodzi, utoto umodzi, matumba ofanana ngati mapasa. Chaka china zonse zobiriwira, chaka china zonse zapinki, chaka china zabuluu. Chosiyanitsa chinali kapepala kosokerera kukamwa kwa thumba, basi.

Tsono nkhani yagona apa. A Bilimankhwe sankadziwa kuwerenga. Ngakhale chilembo chimodzi. Ife tinadziwa mochedwa kwambiri, chifukwa munthuyo ankayenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya, magalasi pamphumi, nyuzipepala kukhwapa. Ukawapatsa pepala ankaligwirira patali, kukwinya nkhope, n'kukubwezera. "Werenga ndiwe, ndimve ngati sukulu inakupindulira." Iwe n'kumawerenga mosamala, kuopa kuphonya pamaso pa munthu wa zolembera zitatu. Chinsinsi chimenechi ankachisamala kuposa mmene ankasamalira ana awo. Chikanangoululika, ukapitawo ukanathera pomwepo. Choopsa kuposa apo, tikanawaseka ife, anthu amene ankatipatsa moni wa "mbuli inu" m'mawa uliwonse.

Ankadziwa anali munthu mmodzi yekha, akazi awo, amene ife tinkangowatchula kuti alamu. Mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa sukulu yake ndithu, amene tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo ankatulukira pageti, basiketi ya chakudya cha amuna awo kudzanja ili, ambulera kudzanja linali.

Tsiku lobwera mbewu, matumba atatu aja ankaikidwa kusitolo, chipinda chimene timasungiramo mapaipi, makasu ndi mawilibala. Alamu ankalowa ngati munthu wofuna pokhala, maso akuyenda mwakachetechete pa timapepala tija. Basiketi ankaiika pa thumba la kapinga wa pabwalo. Ambulera ankaitsamiritsa pa thumba la udzu wa pamthunzi. Iwo eni ake ankakhala pa thumba la udzu wa ng'ombe.

Sayansi yonse inali imeneyo.

Akatha kudya, a Bilimankhwe ankatsukuluza m'kamwa katatu n'kutiitana tonse. "Bwerani, mbuli inu, mudzaone ntchito." Poyamba ankadula timapepala tija ndi mpeni, nkhope atayang'ana kumbali, n'kutitaya m'bini. "Kuti wina asadzanene kuti ndinaonera." Kenako ankatapa timbewu pang'ono, kuika palilime, n'kutsinzina. Zii. Ngakhale ntchentche zinkatera kuti zisasokoneze.

"Hmm. Uyu akukoma dzuwa. Pabwalo."

Kulavula. Kutsukuluza. Thumba lachiwiri.

"Uyu akuzizira kumapeto kwa lilime, ngati kunsi kwa bedi. Pamthunzi."

Lachitatu sankalilawa n'komwe. Ankangoloza alamu ali chikhalire pamenepo.

"Ili ndilawirenji? Simukuona kuti ng'ombe yaupeza yokha msipu wake? Dzuka, ng'ombe iwe, usanadye thumba la eni ake!"

Ife kuseka. Chaka chilichonse nthabwala yomweyo, chaka chilichonse ife kuseka mpaka kugwiririra mawilibala, poti amene sankaseka ankapatsidwa ntchito yozula minga kumpanda. Alamu ankadzuka, kusasa diresi, kutola basiketi ndi ambulera, n'kumapita osayang'ana munthu kumaso.

Utoto uja unkakanirira palilime sabata yathunthu, ndiye kunachokera dzina lija la Bilimankhwe. Chaka cha buluu munthu ankalankhula ndi lilime labuluu, chaka cha pinki ankatitukwana ndi lilime lapinki. Alendo a pahotela ankabwera kudzajambula, iwo n'kulitulutsa lonse mpaka kuchibwano ngati thaulo loyanika. Panamvekanso mbiri yakuti anthu ophunzira kwambiri anapempha kuti mwini wake akadzamwalira, lilimelo adzalisunge m'botolo. Mbiriyo anaiyambitsa okha.

Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, osaphonya ngakhale kamodzi. Dzina la ng'ombe lija nalo linakula. Linachoka kusitolo, linafika kunyumba, ana analimva, aneba analitola. Mlonda wa pageti akaona ambulera ikubwera ankakuwa, "A kapitawo, ng'ombe yanu yafika!" ndipo a Bilimankhwe ankayankha ali kutali, "Itsekulire, koma isaponde maluwa!"

Kenako wosunga sitolo anakalamba n'kupuma ntchito. Madamu anapachika chidziwitso pageti chakuti akufuna munthu wina. Alamu anachiwerenga podutsa. Lolemba lotsatira anabwera atavala diresi imene sitinaionepo, nsapato zopukuta, kalata ili m'manja. Anawapeza Madamu ali pabwalo, ife tonse tili pomwepo tikulandira ntchito za tsikulo.

Madamu anatsegula kalata ija n'kukweza nsidze. "Kulemba kokongola bwanji! Mwalemba nokha, mayi?"

Alamu anatsegula pakamwa, koma amuna awo anawapitirira. A Bilimankhwe anali ataona kale tsoka lonse: mkazi wawo ali ndi makiyi m'chiuno, akuwerenga mapepala mokweza tsiku ndi tsiku pamaso pa mbuli, mbulizo n'kuyamba kukumbukira amene amakhala pa thumba liti. Komanso iwo, kapitawo wathunthu, kumakapempha khasu kwa ng'ombe.

"Madamu, musadzivute," anatero akuseka. "Walemba ndi mwana wathu wamkazi. Uyu? Uyu dzina lake lomwe mutalilemba pakhoma, zilembo zazikulu ngati chitseko, angalipatse moni n'kudutsa. Ng'ombe iwerenga chiyani, Madamu? Mukampatsa makiyi, mawa alendo athira feteleza mu tiyi."

Ife kuseka. Madamu nawo anaseka, kuseka kwa anthu olemera kotulukira m'mphuno, n'kubweza kalata ija. "Pepani mayi, pamafunika munthu wodziwa kuwerenga."

Alamu anawayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana mitambo. Pamenepo mayiyo akanatha kungosolola nyuzipepala ya kukhwapa ija n'kuiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sanatero. Anapinda kalata yawo kanayi, kuiika m'basiketi, n'kunena kuti, "Zikomo, Madamu." Ntchito inapita kwa mphwake wa wophika wamkulu, munthu amene luso lake lalikulu linali kugona ataimirira.

Mawa lake m'basiketi munali nyama yambiri kuposa masiku onse. A Bilimankhwe anationetsa fupa. "Mwaona, mbuli inu? Mkazi amafuna kumuuza zoona. Amakulemekeza."

Patapita masabata atatu, Madamu analengeza kuti mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, akwatiwa pasanathe miyezi itatu, ndipo ukwati udzachitikira pabwalo lathu. Analamula kuti kapinga yense wakale agalauzidwe, pafesedwe watsopano. Msipu nawo unali utakalamba, ndiye anati ulimidwenso nthawi yomweyo, ng'ombe zizidya kaye udzu wouma wa m'nkhokwe. Atatero ananyamuka ndi mwana wawoyo kupita kunja kukasankha diresi, ntchito imene kwa anthu olemera imatenga miyezi iwiri ndi theka.

Mbewu inabwera. Chaka chimenecho inali yapinki. Masana alamu analowa kusitolo monga mwa nthawi zonse. Ambulera anaitsamiritsa pa thumba la pamthunzi, molondola. Basiketi anaiika pa thumba la udzu wa ng'ombe. Ndipo anakhala, mofatsa, ndi thupi lonse, pa thumba la kapinga wa pabwalo. Anthu ena amati anawaona akumwetulira. Ine ndinayesa dzino likuwawawa.

A Bilimankhwe anadula timapepala, kutaya m'bini, kutapa m'thumba la basiketi, kutsinzina. Tsiku limenelo anatsinzina nthawi yaitali, chifukwa panali alendo awiri akujambula.

"Uyu," anatero potsiriza, mawu akunjenjemera ndi ulemerero, "akukoma dzuwa kuposa zaka zonse. Ukwati uno anthu adzavula nsapato okha. Pabwalo! Dzuka, ng'ombe iwe."

"Ndadzuka, bambo," anatero alamu. Kanali koyamba kuwamva akuyankha. "Mwalawa bwino."

Tinafesa. Tinathirira m'mawa ndi madzulo. Sabata yachiwiri bwalo lonse linali biriwiri, a Bilimankhwe akuyenda m'mphepete manja kumbuyo ngati mwini dziko. Sabata yachitatu masamba anayamba kutambalala. Sabata yachinayi udzu uja unaimirira n'kuyamba kutiyang'ana.

Amene anayamba kulankhula ndi Chidebe, wokama ng'ombe, bambo wowonda wonunkhira mkaka amene sitinamuonepo manja ali opanda chidebe. Anabwera pampanda wa waya n'kukanda m'mutu.

"A kapitawo, udzu uwu ine ndikuudziwa. Ndimaumweta chaka chilichonse."

"Iwe umadziwa mabere a ng'ombe basi."

"Eya, koma kwanga kuno kwamera kapeti."

"Ndi mitundu yatsopano, mbuli iwe. Wa kunowu umayamba ndi ukali kenako umafatsa. Wakowo umayamba mofatsa kenako ukwiya. Dikira."

Ankanama, ndipo ankadziwa kuti akunama. Munthu amene wakalambira pa udzu sangalephere kuzindikira udzu wa ng'ombe utamera. Zimene zinachitika kunyumba kwawo madzulo a tsiku limenelo tinazimva pambuyo pake kwa alamu eni ake. Akuti bamboyo anatseka chitseko, ana ali panja, n'kufunsa monong'ona.

"Iwe, unakhala pa thumba liti?"

"Pa limene linali pafupi, bambo."

"Sunawerenge?"

"Ine? Ng'ombe iwerenga chiyani?"

Taganizani msampha wake. Akakadandaula kwa Madamu kuti mkazi wanga anakhala pa thumba lolakwika, ndiye kuti aulula zonse. Akapempha mbewu ina, ndiye kuti lilime lalakwa, ndipo lilime silinalakwepo. Anasankha njira ya amuna enieni: kulimbana ndi udzu mpaka udzuwo uvomere kuti ndi kapinga.

Tinkatchetcha katatu pa sabata. Udzu wa ng'ombe ukautchetcha pafupi ndi nthaka susalala ayi. Umasanduka ziputu, zolimba ngati zitsa za tsache, pakati pake dothi lili mbee. Bwalo linkaoneka ngati mutu wa mwana wometedwa ndi lumo lobuntha. Ukatchetcha kumaso, kumbuyo wamera kale. Ukaima kuti upume, ukumva ukukukwera m'buluku. A Bilimankhwe anayesa kuupsinja ndi mgolo wodzaza madzi. Anayesa kuumana madzi, mvula n'kugwa. Tsiku lina tinawapeza atagwada pakati pa bwalo akuutukwana mayi ake.

Kuseri nako kunali maliro. Udzu wouma wa m'nkhokwe utatha, Chidebe anatsekulira ng'ombe kumsipu watsopano. Msipu wokongola, wosalala, woti n'kuseweretsapo mpira. Ng'ombe zinaima n'kuyang'anana. Zinayesa kuluma, mano n'kugunda dothi. Zinayesa kugwada. Ina inagona chammbali n'kumanyambita ngati mphaka. Mkaka unatsika mpaka wophika wamkulu ankangodutsitsa jagi pamwamba pa makapu kuti tiyi amve fungo. Tsiku lonse ng'ombe khumi ndi ziwiri zinkaima pampanda, zibwano pawaya, zikuyang'ana chakudya chawo chikutchetchedwa ndi kutayidwa ndi anthu amisala.

Kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike, mvula inagwa masiku asanu ndi atatu osapuma. Makina otchetchera anatitimira m'matope, anakhosomola kawiri, n'kumwalira. Dzuwa litatuluka, udzu unali m'chiuno. Mlendo wina anataya mwana mmenemo kwa theka la ola.

Madamu anafika Lachisanu, ukwati uli mawa. Anatsika m'galimoto, kuyang'ana bwalo lawo, n'kufunsa dalaivala ngati sanasochere. Kukuwa kumene kunatsatira, mbalame za m'mitengo ija sizinabwerere mpaka lero. Koma alendo mazana asanu ndi limodzi anali ataitanidwa kale, matenti ali m'njira. Tonse, ophika ndi ochapa omwe, tinapatsidwa zikwakwa. Pofika madzulo bwalo linali lagona, ziputu zili njo ngati misomali, udzu wodulawo titauunjika kuseri kwa tenti yaikulu, mulu wotalika kuposa munthu, ukununkhira mokoma mpaka kukhola.

Ukwati umenewo udzakumbukika. Mipando inkakhala miyendo iwiri pachiputu, iwiri m'dzenje, moti alendo onse ankagwedezeka ngati ali m'basi. Amayi a nsapato zazitali ankatitimira n'kutsala pomwepo, amuna awo n'kumawazula ngati chinangwa. Kapeti yofiira ya pakati inali mabampu okhaokha. Mkwatibwi anayenda pamenepo ngati akuwoloka mtsinje, diresi ya miyezi iwiri ndi theka ikung'ambika chiputu chilichonse. Apongozi aakazi a mkwatibwi, amayi ake a mkwati, anakhala pansi mwaulemu, mpando n'kuwapereka, n'kukhalira chiputu ndi thupi lonse. Mawu amene anatulutsa, oyimba anayesa ndi nyimbo n'kuyamba kuwatsatira.

Ndipo pamene wodalitsa ukwati anafunsa ngati pali wina wotsutsa, mpanda wa waya unagwa.

Zinabwera pamzere, zonse khumi ndi ziwiri, mosathamanga, ngati alendo ochedwa. Sizinagunde munthu. Zinadutsa pakati pa tenti, pa kapeti yofiira, kulunjika pa mulu uja, n'kuyamba kudya misozi ili m'maso. Yaikulu inaima pang'ono kuti ilawe maluwa a mkwatibwi, n'kuwamaliza. Anthu balalabalala, ziputu zikuwalandira. Chidebe ankathamanga pambuyo akukuwa, "Musaziopseze, chonde, zikudya!" Amalumbira mpaka lero kuti m'mawa mwake anakama zidebe zisanu ndi zinayi.

Lolemba m'mawa tinaitanidwa tonse kusitolo. Madamu anali ataitanitsa matumba atatu atsopano oti tifesenso, mbewu yabuluu. Anakhala pampando pafupi ndi matumbawo, timapepala atatitembenuzira kwa iwo.

"A kapitawo," anatero mofatsa, kufatsa koopsa, "akuti munapatsidwa mbewu yolakwika. Mwina n'zoona. Lero timapepala sitidula. Inu lawani, ine ndiziwerenga."

A Bilimankhwe anayang'ana kugeti. Inali naini koloko.

"Madamu, lilime limagwira bwino dzuwa likafika paliwombo."

"Tidikira."

Tinadikira maola atatu, anthu makumi atatu m'chipinda cha mawilibala, osakhosomola. Kenako tinamva geti likulira. Mlonda sanakuwe kanthu tsiku limenelo. Alamu analowa, basiketi kudzanja ili, ambulera kudzanja linali, n'kuima pakati pa chipinda. Nkhope ya a Bilimankhwe inawala ngati ya munthu womira amene waona bwato.

"Amayi, mwafika?" Tinayang'anana. Mawu akuti amayi sitinawamvepo m'kamwa mmenemo. "Ikani basiketiyo penapake, ikukulemerani."

"Siikundilemera, bambo."

"Ambulerayo, tsamiritsani pena."

"Ndiigwira."

"Khalani pansi tsono, amayi, mwayenda mtunda. Chonde. Miyendo."

"Ng'ombe siitopa kuimirira, bambo."

Thukuta linatsika kuchokera pa magalasi a pamphumi aja. Anatapa m'thumba loyamba, kutsinzina, kutsegula diso limodzi kuyang'ana alamu. Alamu ankayang'ana denga. Analawa lachiwiri. Lachitatu. Anabwerera ku loyamba. Analawa mpaka buluu anafika kuchibwano, kutsikira m'khosi, kuthimbiriza kolala.

"Ili... likukoma dzuwa. Pabwalo."

Madamu anasuzumira kapepala. "La pamthunzi."

"Ndimati ndinene choncho. Ili ndiye la pabwalo."

"La ng'ombe."

Linatsala thumba limodzi, mtundu umodzi. Mwana wa mkalasi yoyamba akanakhoza. A Bilimankhwe analawa, kutsinzina, n'kunena kuti la ng'ombe.

Madamu anadula kapepala ka thumba lachitatulo n'kuwapatsa. "Werengani."

Anatsitsa magalasi, koyamba m'mbiri ya hotela, n'kugwirira kapepala patali. "Magalasi awa ndi akale, Madamu." Anatembenukira kwa Chidebe. "Werenga ndiwe, ndimve ngati sukulu..."

"Ine ndimadziwa mabere a ng'ombe basi, a kapitawo."

Panalibe woseka. Tinkasunga, kuti tidzaseke bwino zikatha.

Apo alamu anaika basiketi pansi, pasimenti, n'kutenga kapepala kaja m'manja mwa amuna awo ngati akulanda mpeni kwa mwana. Anawerenga mokweza, mawu osagwedezeka. Dzina la kapinga. Nthaka imene amakonda. Kuchuluka kwa mbewu yofesa pamalo akutiakuti. Masiku omera. Kenako anafika pa tizilembo tofiira ta pansi penipeni.

"Chenjezo. Mbewu iyi yapakidwa mankhwala akupha tizilombo. Musadye, musalawe, musapatse ziweto. Mukaigwira sambani m'manja."

A Bilimankhwe anasiya kumeza malovu.

"Mawu amenewo akhala akulembedwa zaka zonsezi?" anafunsa Madamu.

"Zaka zonse, Madamu."

"Inu osawauza amuna anu?"

"Ndinawauza chaka choyamba. Anati ng'ombe isawaphunzitse za udzu. Ndiye ndinkangowerenga chamumtima."

Kenako anafotokoza za basiketi, za ambulera, ndi za thumba lokhalapo, mwadongosolo, ngati akupereka lipoti. Atamaliza anatulutsa kalata ija yopindidwa kanayi, n'kuiwongola pabondo, n'kuipereka kachiwiri. Pamenepo ndi pamene tinaseka. Tinaseka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za minga ya kumpanda. Wina anagwera m'wilibala. Mphwake wa wophika wamkulu anadzidzimuka kutulo n'kuyamba kuseka nawo, osadziwa kuti ntchito yake yapita.

Madamu sanawachotse ntchito a Bilimankhwe. Anati kuchotsa munthu ntchito ndi chifundo, ndipo chifundo chawo chinadyedwa ndi ng'ombe limodzi ndi maluwa. Anawalamula kuti azule ziputu zonse za pabwalo ndi khasu, chimodzichimodzi, okha. Zitatha, anawapereka kukhola kuti azimweta udzu ndi kuwola ndowe, bwana wawo Chidebe. Zolembera zitatu zija zinapezeka kuti ndi za hotela, ndipo zinabwezedwa kusitolo, kumene tsopano kunali alamu, makiyi m'chiuno, atakhala pampando weniweni wa miyendo inayi. Mbewu amasankha ndi iwo. Amangowerenga kapepala, n'kufunsa ngati malowo ndi a dzuwa, a mthunzi kapena a ng'ombe, n'kuloza thumba. Zosasangalatsa n'komwe kuonerera, koma udzu umamera pamalo pake.

Mwezi wotsatira tinalandira maovolosi atsopano. Oitanitsa anali alamu, ndipo iliyonse inali ndi mawu oyera pamsana onena ntchito ya mwini wake: WOTCHETCHA, WOTHIRIRA, MLONDA. A Bilimankhwe analandira yawo pomalizira, anthu atatuluka. Ine ndinali kuseri kwa mashelefu ndikufuna paipi. Anaitembenuza, kuyang'ana zilembo zija nthawi yaitali, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Amayi, pamsana apa palembedwa chiyani?"

Alamu sanadzutse n'komwe mutu pa zimene ankalemba.

"Lawani, bambo. Si muli ndi lilime?"

Palembedwa kuti NG'OMBE NAMBALA 13.

Chaka chino ndi chachitatu akuivala. Palibe amene anawauza, ndipo amene angawauze tinagwirizana kuti adzazula minga kumpanda mpaka kupuma ntchito. Akafunsa mlonda, amati palembedwa KAPITAWO. Akafunsa Chidebe, amati KAPITAWO WAMKULU. Madamu anaiona, kutulutsa kuseka kwa m'mphuno kuja, n'kupitirira. Alendo ayambiranso kuwajambula, ndipo iwo amakondwa kuti mbiri yawo sinafe. Amaima, kuika wilibala pansi, n'kutulutsa lilime lonse mpaka kuchibwano, lilime wamba tsopano, lofiira ngati la aliyense. Alendo amati, "Ayi, madala, tembenukani."

Sabata yatha masana ndinazungulira kuseri kwa khola kukatseka mpopi. Ndinawapeza atakhala pa chidebe chovundikira, ovolosi atavula, ataiyala pamaondo. Anali atatsinzina. Ankanyambita zilembo zija pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Atatsegula maso n'kundiona, sanachite manyazi. Analavula pambali, mwaukatswiri, ngati kale.

"Palembedwa kuti kapitawo," anatero. "Ndalawa."

"N'zoona, madala," ndinayankha.

Zinzawo khumi ndi ziwiri zinkatiyang'ana pampanda, zikubzikula.